Kalata ya Abusa: Ufulu Wapakamwa Pokha

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Sabata yathayi ndakhala ndikusinkhasinkha Yeremiya 34, pamene anthu a mu Yerusalemu anamasula akapolo awo, kenaka n'kuwagwiranso. Mawuwa andikumbutsa Thomas Perronet Thompson.

Iyeyu anabadwira ku Hull, ku England, mu 1783, ndipo bambo ake ankalalikira mu mpingo wa Methodist. Analowa usilikali nagwidwa pa nkhondo ku Buenos Aires mu 1807. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 25 zokha, anamutuma kukakhala bwanamkubwa wa Sierra Leone. Anamupezera udindowu ndi William Wilberforce, phungu wopemphera wotchuka polimbana ndi malonda a akapolo, yemwenso anali bwenzi la banja lawo.

Britain inali itangoletsa kumene malonda a akapolo. Koma atafika ku Freetown, likulu la Sierra Leone, Thompson anapeza kuti anthu olanditsidwa m'zombo za akapolo ankaperekedwa kwa mabwana kuti aziwagwirira ntchito zaka zambiri osalandira kanthu, ati akuphunzira ntchito. Iye anakana kunyengerera. Ananena poyera kuti umenewo unali ukapolo womwewo, angousintha dzina. Amene ankawadzudzulawo sanali adani, anali anthu opemphera, omwe anamuika pampando. Mu 1810 anamuchotsa.

Anabwerera ku usilikali, ndipo kumeneko manja ake sanayere: mu 1820 anatsogolera nkhondo ku Oman imene asilikali ake ambiri anaphedwa. Pambuyo pake anakhala phungu wa Hull mu 1835, kenaka wa Bradford, nalimbana ndi malamulo amene ankakweza mtengo wa tirigu mpaka amphawi kugona ndi njala. Anamwalira mu 1869.

Abale anga, mtima wanga sukuchoka pa za ku Freetown zija. M'nyumba zathu zina muli ana amene tinakawatenga kumudzi titalonjeza makolo kuti tidzawaphunzitsa. Ndinamuona mmodzi tsiku lina m'mamawa, akukwecha mapoto kuseri kwa nyumba, ana a eni nyumba akudutsa atavala yunifomu. Nditafunsa, anandiyankha kuti, "Ndi m'bale wathu, abusa, tikumusunga." Ndinangoti zikomo n'kumapita, ndipo kukhala chete kwangako kukundiwawa mpaka lero.

Ndapempha akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano kuti mwezi uno tiyendere khomo lililonse, kuyambira langa. Mwana amene sali pasukulu timulembetse teremu ikubwerayi, ndipo pamene fizi yavuta, mpingo uthandiza.

Ine wanu mu utumiki,
Mbusa wanu