Za zibwenzi za mapulezidenti ndi masitaa, lembani ndi umboni

A Mkonzi,

Ine nkhani za zibwenzi za atsogoleri ndi oimba kaya amafilimu ndimawerenga ndithu koma chimandiwawa nchoti amene amaipitsidwa dzina nthawi zonse ndi mzimayi. Taonani Marilyn Monroe wamafilimu uja, anaimbira pulezidenti wa America John F. Kennedy nyimbo ya tsiku lobadwa ku Madison Square Garden mu Meyi 1962, Ogasiti chaka chomwecho nkumwalira, mpaka lero anthu akungomunena ngati analipo kuchipinda pomwe mwini wake sangadziyankhire.

Ya ku France ija nde inali ndi zithunzi. Januwale 2014 magazini ya Closer inaonetsa munthu atavala helimeti ali pa kanjinga kamoto akupita kwa mayi wamafilimu Julie Gayet, pafupi pomwe ndi Élysée, nyumba ya pulezidenti, ati ndi pulezidenti wa nthawiyo François Hollande. Mayi Valérie Trierweiler amene ankakhala naye mpaka anagonekedwa mchipatala, mwezi usanathe nkusiyana. Komatu khoti linalamulabe Closer kuti ilipire Gayet ma euro 15,000 chifukwa cholowerera moyo wake wamseri, chonsecho nkhaniyo inali yoona, Hollande ndi Gayet anakwatirana mu 2022 ku Tulle.

Atolankhani akanalimbikira apa: mtsogoleri wa dziko usiku pa kanjinga, chitetezo chake chinali bwanji? Ndalama za boma zinalowapo? Izi nde zimakhudza tonse. Koma zoti wagona kwa ndani, zija anthu amangofowadirana pa WhatsApp opanda ngakhale chithunzi, chonde musamaziike mu nyuzi yathu, ana awo amawerenganso.

Owerenga wanu,
ku Ndirande, Blantyre