Odwala shuga tiziunikidwanso m'kamwa pa tsiku la kliniki

A Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa chisamaliro chimene anthu odwala matenda a shuga timalandira, makamaka pa nkhani ya mankhwala ndi ya mano. Ndine mmodzi mwa odwalawo, ndimakhala muno mu Mzuzu, ndipo zimene ndikulembazi timazikamba kawirikawiri ndi anzanga tikamadikira kuitanidwa pa tsiku la kliniki.

Pali mbiri imene yafala pakati pathu yakuti ku Mangalande munthu wa shuga salipira kalikonse. Amene ali ndi ana kapena abale kumeneko amainena motsimikiza, koma zoona zake n'zosiyanako. Ku England, kuyambira mu 2024, munthu amalipira £9.90 pa mtundu uliwonse wa mankhwala umene dokotala wamulembera. Wodwala shuga amene amamwa mapiritsi kapena kubaya insulini amadzaza fomu yotchedwa FP92A, dokotala wake n'kusaina, kenako amalandira chikalata chomuchotsa m'gulu la olipira. Chikalatacho chimagwira ntchito zaka 5 ndipo chimakhudza mankhwala onse amene angalembedwe, osati a shuga okha. Amene shuga wake amakhazikika ndi kusala zakudya kokha salandira chikalatachi. Ku Wales malipiro a mankhwala anathetsedwa mu 2007, ku Northern Ireland mu 2010, ndipo ku Scotland mu 2011. Wa shuga amayezedwanso maso kwaulere. Koma zikafika pa mano, ku England matenda a shuga paokha samupatsa munthu mwayi wa chithandizo chaulere. Amene salipira ndi ana osakwana zaka 18, amayi oyembekezera ndi amene abereka chaposachedwa, komanso ena amene boma limawathandiza chifukwa chopeza zochepa.

Sindinafotokoze izi kuti tisirire za eni. Chimene chandikhudza n'chakuti ngakhale dziko lolemera chotero linasiya mano kunja kwa mwayi umene limapereka kwa odwala shuga, ndipo ine ndikuona kuti pamenepo analakwitsa. Ife sitiyenera kuwatsanzira.

Kuno kwathu, m'zipatala za boma mankhwala a shuga ndi aulere popanda fomu kapena chikalata. Limeneli ndi dalitso lalikulu ndipo sindikulipeputsa. Vuto limabwera pamene munthu wafika pa windo la mankhwala n'kumva mawu amene tonse timawadziwa, akuti "atha, mukagule ku famase". Kwa munthu wa malungo mawuwa ndi owawa, koma amagula kamodzi n'kuchira. Wa shuga sachira. Metformin, glibenclamide kapena insulini amafunika tsiku lililonse kwa moyo wonse, ndipo wobaya amafunikanso majakisoni ndi timapepala toyezera magazi. Ndalama zikavuta, ena amadula piritsi pakati kuti likwane masiku awiri, ena amadumphitsa masiku, ndipo ena amangosiya n'kumadalira zitsamba zimene wina wawauza kumsika. Zotsatira zake zimaonekera pambuyo pake: maso kuchita khungu, impso kufooka, chilonda cha kuphazi chosapola mpaka mwendo kudulidwa. Boma lomwelo limene linalephera kupereka piritsi lotsika mtengo ndi limene limadzagoneka munthuyo m'chipatala kwa milungu yambiri.

Kuno kumpoto palinso china. Anthu ambiri chipatala chimene ali nacho pafupi n'cha mishoni, monga ku Ekwendeni, ku Embangweni ndi ku Livingstonia, ndipo zipatala zotere, zimene zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zimalipiritsa kuti ziziyenda. Boma linachita mapangano ndi zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa kwaulere. Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti uganizire zoika mankhwala a shuga m'mapangano amenewa, chifukwa sizoyenera kuti ulere wa piritsi uzidalira kuti munthu anabadwira pafupi ndi chipatala cha ndani. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi shuga wokwera. Si anthu ochepa amenewo.

Tsopano ndifike pa mano, pomwe pali mtima wa kalata yanga. Pa kliniki ya shuga timayezedwa magazi, BP ndi sikelo, nthawi zina amatiyang'ana mapazi, ndipo timalangizidwa za nsima ya mgaiwa, ndiwo zamasamba ndi kusiya zakumwa zotsekemera. Koma si kawirikawiri kuti wina atiuze kuti titsegule pakamwa. Chonsecho madokotala akudziwa kuti shuga ndi matenda a nkhama zimakokana. Shuga akakwera, thupi limafooka polimbana ndi tizilombo, malovu amachepa, m'kamwa mumauma, nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi potsuka, fupa logwira dzino limadyeka pang'onopang'ono, ndipo mano amayamba kugwedera ngakhale alibe chiboo. Nawo matenda a nkhamawo akakhazikika amachititsa kuti shuga azivuta kutsika, moti munthu amatha kumwa mankhwala mokhulupirika koma n'kumadabwa kuti manambala sakusintha. Kuchiza shuga uku m'kamwa muli mafinya kuli ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka.

Pali mbali ina imene sitiiganizira. Zakudya zimene timalangizidwa, monga masamba osapsetsa, mtedza, nyemba, magwafa ndi chimanga, zimafuna mano. Munthu mano akatha amathawira ku zofewa: phala, buledi woviika mu tiyi, mandasi, nthochi zakupsa kwambiri. Izi n'zimene zimakweza shuga msanga. Choncho dzino lililonse lozulidwa limamuchotsera wodwala gawo la mankhwala ake, popeza kwa ife chakudya ndi mankhwala.

Ambirife timapita kwa a mano pokhapokha ululu ukatilanda tulo, ndipo pofika nthawi imeneyo chotsala n'kuzula basi. Kwa wa shuga, ngakhale kuzulako kuli ndi chiopsezo, chifukwa bala limachedwa kupola ngati shuga ali pamwamba. Kuchotsa litsiro louma m'mphepete mwa nkhama ndi kumata dzino lisanaonongeke n'zimene zikanatipulumutsa, koma zimenezi ambiri amazipeza m'zipatala zolipira, pa mtengo umene mayi wogulitsa tomato ku Chibavi kapena mlonda wa ku Luwinga sangaukwanitse atagula kale mankhwala a mwezi umenewo.

Ndikudziwa kuti ogwira ntchito za mano ndi ochepa m'dziko muno, ndipo amene alipo amagwira ntchito yolemetsa. N'zolimbikitsa kuti mu 2019 dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano pa sukulu imene lero ndi Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, komanso kuti mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza umoyo wa m'kamwa. Koma odwala a lero sangadikire kuti madokotalawo achuluke. Chimene ndikupempha sichifuna nyumba yatsopano kapena makina ochokera kunja. Pa tsiku la kliniki ya shuga, wogwira ntchito za mano mmodzi azibwera kudzaunika m'kamwa mwa odwala, aliyense kamodzi pa chaka, ndipo zimene wapeza zizilembedwa m'buku lakuchipatala pamodzi ndi manambala a shuga. Amene wapezeka ndi vuto azipatsidwa tsiku lokathandizidwa kwaulere, osayambiranso mzere ngati mlendo. Kumene kulibe wa mano, namwino kapena dokotala wa pa kliniki angathe kufunsa mafunso osavuta: kodi nkhama zimatuluka magazi, kodi pali dzino logwedera, kodi m'kamwa mumauma? Chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chimalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma, ndiye malo abwino oyambira, kuti zipatala za m'maboma zionerepo.

Kwa odwala anzanga, tisachite manyazi kunena tokha za m'kamwa tikalowa kwa adokotala, ngakhale sanatifunse. Tizitsuka mano m'mawa ndi pogona, ndipo tikapita kukazulitsa dzino tiziyamba tanena kuti tili ndi shuga ndi mankhwala amene timamwa, tisanakhale pa mpando.

Ndikupemphanso bungwe la Diabetes Association of Malawi ndi aphungu athu a Nyumba ya Malamulo kuti nkhani ziwirizi, ya mankhwala osasowa ndi ya kuunika m'kamwa, azifikitse ku Unduna wa Zaumoyo ndi ku Central Medical Stores Trust, bungwe limene limagula ndi kugawa mankhwala m'zipatala za boma. Pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse, tidzafuna kumva yankho lawo.

Ine wanu,
Wodwala shuga,
Katoto, Mzuzu