Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: ana a ku Mangochi aone m'kati mwa selo

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa bayoloje pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mangochi, kufupi ndi nyanja. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikujambula selo pa bolodi ndi choko: mzere wozungulira, kadontho pakati, tinthu tokhala ngati nyemba m'mbalimu. Ana amakopera, amaloweza, ndipo pa mayeso a MANEB amajambulanso momwemo. Koma ambiri amachoka pasukulu akuganiza kuti selo ndi chinthu chophwatalala ngati tsamba. Maikulosikopu tili nayo imodzi. Mwana amasuzumira kamphindi, n'kuona khungu la anyezi, mnzake wam'kankha kale kumbuyo.

Teremu yathayi ndinabwereka laputopu, ndinagula bandulo ndi ndalama zanga, n'kulumikiza intaneti ya pa foni. Ndinatsegulira ana a Fomu 3 kachidutswa ka ubongo wa munthu kamene akatswiri a ku Harvard ndi a Google anakaika pa intaneti kuti aliyense aone mwaulere. Kachidutswako n'kakang'ono kuposa njere ya mpunga, kukula kwake konse kungafanane ndi kabokosi ka milimita imodzi mbali zonse, ndipo madokotala anakachotsa pochita opaleshoni wodwala khunyu. Anakadula timagawo topyapyala pafupifupi 5,000, kagawo kalikonse kopyapyala koposa ka 1,000 poyerekeza ndi tsitsi limodzi, n'kujambula kalikonse ndi maikulosikopu ya ma elekitironi. Kenako kompyuta inasanjikiza zithunzizo chimodzi pamwamba pa chinzake. M'kanthu kameneko anapezamo maselo pafupifupi 57,000 ndi malo okwana 150 miliyoni amene maselo a ubongo amalumikizirana.

Ana anayamba kugwira okha mausi. Ukazunguza kagudumu kake umatsika m'kati mwa ubongowo, gawo ndi gawo, ngati munthu wolowa pansi pa madzi. Ukadina selo imodzi, imatulukira pambali yathunthu, ndi nthambi zake zonse ngati mtengo wa mlambe, ndipo umatha kuitembenuza kuti uione kumbuyo. Mtsikana wina amene salankhulalankhula m'kalasi anafunsa kuti, “Aphunzitsi, ndiye kuti kadontho mumajambula kaja ndi mpira?” Pa zaka zonse ndaphunzitsazi, aka kanali koyamba mwana kuzindikira yekha zimenezi ine ndisanamuuze. Belu linalira, palibe anadzuka.

Mwina a Nduna mukudabwa kuti zimenezi zinatheka bwanji ndi netiweki ya kuno. Zithunzi za kachidutswako ndi zokwana magigabayiti pafupifupi 1,400,000. Palibe sukulu ingakopere zonsezo. Koma pulogalamu yoonera, yotchedwa Neuroglancer, sikopera zonse ayi. Zithunzizo anazigawa m'timabokosi ting'onoting'ono, ndipo anazisunga pa milingo yosiyanasiyana, zooneka patali ndi zooneka pafupi. Iwe ukaloza malo amodzi, kompyuta imaitanitsa timabokosi ta malo okhawo, monga mayi wogula usipa wa pa mbale imodzi, osati ngalawa yonse. Sipafunika kompyuta yodula, sipafunika kugula pulogalamu. Chimene chinatithera ife ndi bandulo, phunziro lachiwiri lisanafike pakati.

Ndipo si ubongo wa munthu wokha. Mu 2024 gulu la FlyWire linatulutsa mapu a ubongo wonse wa kantchentche ka zipatso, wokhala ndi maselo pafupifupi 140,000. Malo ofufuzira za sayansi a Janelia, m'dziko la America, ali ndi tsamba la pa intaneti la OpenOrganelle, pomwe munthu amaona selo imodzi yathunthu ndi ziwalo zake zonse zam'kati, zomwe zija timavutika kuzijambula pa bolodi. Zonsezi n'zaulere.

Pempho langa lalikulu ndi ili. Kambiranani ndi a MACRA ndi makampani a mafoni kuti masamba ochepa a sayansi a pa intaneti ngati amenewa azitseguka pa sukulu popanda kudya bandulo. MACRA ili ndi thumba la Universal Service Fund, lomwe cholinga chake n'kufikitsa intaneti kumene sinafike. Tilinso ndi MAREN, imene imalumikiza masukulu a ukachenjede pa intaneti, ndipo kuno ku Mangochi kuli nthambi ya Kamuzu University of Health Sciences. Ngati zithunzi zosankhidwa bwino zitasungidwa pa kompyuta yaikulu m'dziko mommuno, sukulu za ku Namwera, Makanjira ndi Monkey Bay sizingamadikire kuti kabokosi kalikonse kachokere kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Akatswiri a silabasi ku Domasi atathandizanso kusankha kuti chithunzi chiti chikuyenera mutu uti, aphunzitsi sitingataye nthawi kufufuza tokha usiku.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi china. Ana angawa amasamba m'nyanja, amachapa m'nyanja, ndipo ambiri anakodzapo magazi. Likodzo kuno si nkhani ya m'buku. Amamwa mankhwala a praziquantel akabwera azaumoyo pasukulu, koma ena amabisa mapiritsi m'thumba chifukwa sanaonepo chimene akuphacho. Ndimawauza kuti dzira la kachilombo ka likodzo la m'chikhodzodzo lili ndi kaminga kunsonga, kuti limaswa likafika m'madzi, kuti kachilomboko kamakulira m'nkhono kenako n'kulowa pakhungu la munthu. Amamva, koma ndi mawu chabe. Mwana atalitembenuza yekha dziralo, n'kuona kamingako, n'kulowa m'kati mwa nkhono ya pa doko la kwawo, sindikukhulupirira kuti angabisenso piritsi. N'chimodzimodzi kachilombo ka malungo m'kati mwa selo yofiira ya magazi.

Ofufuza amabwera kuno chaka ndi chaka kudzatola nkhono, udzudzu ndi nsomba. Mbuna ndi chambo za m'nyanja yathu zimaphunziridwa m'mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America. Ndikupempha kuti mukambirane ndi a National Commission for Science and Technology kuti zithunzi zotere zikajambulidwa kuchokera ku zinthu zotoledwa m'Malawi, ziziikidwa poti mwana wa kuno angazitsegule, ndi mawu ofotokozera m'Chichewa ndi m'Chiyao. Mwana wa msodzi wa ku Malembo ayenera kuona mafupa a pakhosi a chambo chimene bambo ake amakola.

Mukadzabwera kuno ku Mangochi, a Nduna, dzapatukireni m'kalasi mwathu. Laputopu ndidzabwerekanso, bandulo ndidzagula, ndipo mtsikana uja adzakuonetsani yekha m'mene amatembenuzira selo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa bayoloje,
Mangochi