Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a makwaya ku Nchalo

Abale ndi alongo m'kwaya, ndabwerako ku Nchalo komwe munandituma Loweruka lija. Ndalama ya mayendedwe inakwana, yotsala ndapereka kwa amayi msungichuma. Za yunifolomu sitinamvane kanthu, akuti tidzakambirananso.

Nkhani imene ndikufuna muimve bwino ndi ija yatisautsa chigulireni kiyibodi. Tikamaimba pakamwa pokha mawu amagwirana bwino, koma kiyibodi ikangolowa, mi wa amayi a alto amamveka ngati watsika. Ine ndakhala ndikuwakalipira amayiwa, ndipo ndikupepesa pamaso pa nonse. Sanalakwe.

Amene amatiphunzitsa anaimiritsa anthu atatu, wina do, wina mi, wina so, nawauza kuti akoke mawu mpaka agwirane. Atagwirana, mawuwo anangoti zii, kukhazikika ngati madzi a pathamanda. Kenako anadina do, mi ndi so pa kiyibodi. Titatchera khutu tinamva kuti wa-wa-wa, mawu akulimbana pansipansi.

Chifukwa chake ndi ichi. Kiyibodi imagawa mtunda wochoka pa do kufika pa do wapamwamba m'masitepe 12 ofanana ndendende, kuti nyimbo ithe kuyambira pa kiyi iliyonse. Akatswiri amayeza mtundawu ndi timagawo 1200 totchedwa masenti, sitepe iliyonse 100. So amene khutu limamufuna ali pa 702, wa kiyibodi pa 700, ndiye apo palibe vuto kwenikweni. Koma mi wa khutu, amene amagwedezeka ka 5 pamene do wagwedezeka ka 4, ali pa 386, ndipo kiyibodi imamukweza kufika pa 400. Masenti 14 amenewa ndiwo takhala tikukanganirana Lachitatu lililonse.

Chinandikhudza kwambiri ndi bambo wina wachikulire wa ku Nsanje amene anabwera ndi ulimba wake, choimbira cha timatabwa tomenya. Ulimba wa kwathu kuno umagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 pafupifupi ofanana, iliyonse cha m'ma 171, n'chifukwa chake sugwirizana ndi kiyibodi ngakhale ndi do re mi wathu. Anyamata ena anati ausemenso kuti uzilowa m'tchalitchi. Bambowo anatembenuza kathabwa kamodzi natiwonetsa zipsera za sompho: ukasema pakati kunsi mawu amatsika, ukasema kumapeto amakwera. Anati kusema angathe, koma akatero nyimbo zimene anaphunzira kwa amalume awo sizidzamvekanso momwe anazimvera. Ine ndili mbali ya bambowo, ndipo ndinanena zimenezi poyera m'dzina lanu. Ngati ndinapitirira malire, mundiuze.

Pempho langa n'lakuti Lachitatu likubwerali theka la ola loyamba tiimbe kiyibodi ili yozimitsa, a besi agwire do, enafe tikhazikike pa iwo. Nyimbo zoimba ndi kiyibodi tiziphunzira padera, a alto akudziwiratu kuti pamenepo mi akwezeko pang'ono. Achimwene oimba kiyibodi, tikumane ikangotha mapemphero kuti tisankhe nyimbozo.