Kwa okonza shoo ya Loweruka: chipeso changa munalanda, mfuti munailowetsa

Ndalemba pa peji yanu pano chifukwa kumbali mwandikana. Pa WhatsApp ndakulemberani kawiri, Lamlungu m'mawa ndi Lachiwiri madzulo, timizere tabuluu taoneka konse kuwiri koma yankho palibe. Ndemanga yomwe ndinaika pansi pa zithunzi za shoo munaifuta ola lisanathe. Ndiye basi, tikambirane pabwalo, aliyense amene anagula tikiti amve nawo.

Pa positala yanu, pa tikiti, ndi pa chikwangwani cha pageti munalemba ndi zilembo zofiira kuti zida siziloledwa. Mawu amenewo ndi amene anandilimbitsa mtima kutenga mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 19 yemwe wafika kuno ku Joni mwezi wathawu kuchokera ku Balaka. Mayi ake ndinawalonjeza pafoni kuti mwanayu sindidzapita naye malo okayikitsa. Ndinalipira R350 munthu mmodzi, R700 tonse awiri. Ine ndimaluka tsitsi, ndiye ndalama imeneyo ndi mitu iwiri ya anthu, kuima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Pamzere tinaima ola ndi theka, mphepo ikulowa m'mafupa. Titafika kutsogolo, mlonda wachizimayi anakhuthula chikwama changa chonse patebulo, anthu akuona. Anatenga chipeso changa chogawira tsitsi, chija cha mchira wachitsulo, anatenga chowengera zikhadabo, anatenganso kabotolo ka perefyumu poti nkagalasi. Zonse anaponya mu ndowa yakuda pansi pa tebulo, popanda nambala, popanda lisiti, popanda kundiuza kuti ndikazitenga kuti potuluka. Sindinakangane naye. Mumtima ndinati bola, anthu awa akusecha zenizeni, m'katimo tikhala mwamtendere.

Kenako mnyamata wina, wakwathu komwe, anayendetsa pathupi panga kachipangizo kaja kamene kamalira kakamva chitsulo. Anakayendetsa kawiri. M'thumba la jekete ndinali ndi makiyi asanu a kusaluni ndi loko wamng'ono, koma kachipangizoko phee. Ndinaseka n'kumuuza kuti achimwene, kanthu kanuka kafa batire. Iye osandiyang'ana n'komwe anangoti, "Pitani mayi, mzere ndi wautali."

Nthawi yonse yomwe tinali pamzere, geti ya VIP inali kumanja kwathu, mtunda woti ungaponye mwala. Kumeneko kunalibe tebulo, kunalibe ndowa, kunalibe kachipangizo ngakhale kakufa komwe. Munthu amatsika m'galimoto, kugwirana chanza ndi wapageti, kuvekedwa kalamba kapamkono, kulowa. Ena amalowa anayi asanu pambuyo pa munthu mmodzi, wapageti akungowerama, "bwana, bwana."

Cha m'ma 11 koloko usiku ine ndi mwanayu tinasendera kufupi ndi bala kuti tigule madzi, poti athu anatsala pageti. Malire a VIP ndi ife anthu wamba anali chingwe chabe. Kuseri kwa chingwecho kunali bambo wina wa malaya oyera osapisira, patebulo pake ndowa ya ayezi ndi mabotolo atatu, awiri atatha kale. Woimba atayamba nyimbo yomwe aliyense amaidikira, bamboyo anakweza manja onse m'mwamba akuvina, malaya anakwera, ndipo ndinaiona. Chogwirira chakuda, chitapanikizidwa pakati pa lamba ndi mimba. Sinali m'chikwama chake chachikopa chija imakhalamo, inangosomekedwa m'buluku ngati mmene ena amasomekera foni. Mwanayu naye anaiona. Anandigwira mkono n'kunong'oneza kuti, "Anti, ijatu ndi mfuti."

Ndinapita kwa mlonda yemwe anaima pa chingwe. Ndinamuuza mwaulemu, chapansipansi kuti ndisaopseze anthu. Anayang'ana kwa bamboyo, anayang'ana kwa ine, n'kunena kuti, "Amenewo ndi anzawo a bwana, musadandaule, ali ndi mapepala." Mawu amenewa ndikufuna muwawerenge kawiri, chifukwa bwana wakeyo ndi inu.

Mphindi 20 zisanathe, mnyamata wina podutsa anagunda tebulo lija, botolo linagwa. Anayamba kutukwanana. Bamboyo anaika dzanja m'chiuno. Sanaitulutse, zimenezo ndinena zoona, sanaitulutse. Koma mtsikana wina pafupi anakuwa kuti "mfuti!", ndipo mawu amodzi amenewo anakwanira. Anthu a kutsogolo anatembenuka onse nthawi imodzi. Ndinamva msana wanga ukukankhidwa, miyendo isakufikanso pansi bwinobwino. Mwana uja anagwa, anthu awiri atatu anamuponda mwendo ndisanamudzutse. Tinathamangira chitseko chapambali chomwe pamwamba pake pamayaka nyali yobiriwira yotulukira pangozi, ndipo tinachipeza chomangidwa ndi tcheni ndi loko. Tinapanikizidwa pachitseko chimenecho mpaka DJ atakuwa pa maikolofoni kuti palibe vuto, bwererani. Nyimbo zinapitirira. Bambo wa malaya oyera anali pomwepo, ndowa yatsopano ya ayezi itabwera.

Ndikudziwa zimene ena mulembe m'munsimu, chifukwa pa ndemanga yomwe munafuta ija zinayamba kale kubwera. "Mwina ali ndi laisensi." Chabwino, tikambe za laisensi. Bambo a kunyumba kwanga agwira ntchito ya ulonda kuno zaka 14, anaphunzira za mfuti, ndipo nkhani zimenezi timazikamba pa nsima. Lamulo la dziko lino, Firearms Control Act la chaka cha 2000, limalola munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo, nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, kupempha laisensi ya mfuti yodzitetezera, ndipo laisensiyo imatha pakapita zaka 5. Lamulo lomwelo limati mfuti yapamanja ukamayenda nayo pagulu ikhale m'chotengera chake chomangirira pathupi kapena m'chikwama, ndipo ikhale yobisika yonse. Ndiye kubisa mfuti pakokha si mlandu kuno, ndi mmene lamulo limafunira. N'chifukwa chake chikwangwani chokha sichiteteza munthu. Mfuti yovomerezeka ndi ya chigawenga zonse zimalowa pansi pa malaya, maso sangazione, zimapezeka ndi kusecha basi. Inu munasecha ife a R350, n'kusiya chitseko china chilibe wosecha.

Komanso laisensi imeneyo siipatsa munthu ufulu wolowa nayo paliponse. Malo anu si msewu wa boma. Mwini malo akanena kuti muno zida ayi, wa laisensi ali ndi njira ziwiri, kuisiya kapena kubwerera. Ndipo lamulo lomwe lija limaletsa kugwira mfuti munthu ataledzera. Mabotolo awiri opanda kanthu ndinawaona ndi maso angawa. Mlonda wanu sanaone pepala lililonse, anangomva kuti ndi mnzawo wa bwana, mapepala n'kukhala atakwana.

Ena mukuti Joni ndi yoopsa, munthu wa bizinesi sangayende chimanjamanja usiku. Pamenepa sindikutsutsani kwenikweni. Ndakhala kuno zaka 11, foni andilandapo kawiri. Tonse tikukumbukira zomwe zinachitika pa 2 Disembala 2018, anthu akutuluka ku shoo ya zoimbaimba ya Global Citizen ku FNB Stadium, mmene achifwamba anawalandira mafoni ndi zikwama panja akudikira magalimoto. Mantha a pakati pa geti ndi galimoto ndi enieni. Ndikudziwanso kuti wa laisensi sangakonde kusiya mfuti m'galimoto pamalo oimika magalimoto amdima ngati anu aja, chifukwa ikabedwa mosasamala mlandu umagwera iye. Koma vuto limenelo ndi lanu okonza shoo kulithetsa, osati kulikankhira pa ife. Malo ena kuno amakhala ndi sefu pakhomo, munthu amaonetsa laisensi, amasaina m'buku, amasiya mfuti, amaitenga potuluka. Ngati zimenezo simungakwanitse, lembani pa tikiti momveka kuti sefu palibe, aisiye kunyumba m'sefu yake yomwe lamulo limafuna kale kuti akhale nayo. Ikani magetsi ndi alonda koimika magalimoto. Pa R50 yomwe munkalipiritsa galimoto iliyonse, babu limodzi likanapezeka.

Mlamu wanga wina, pomva nkhaniyi, anati koma kukanabwera zigawenga bambo ameneyo akanakutetezani. Ndinamufunsa kuti anaonapo holo ikakhala yodzaza, magetsi akuthwanima, utsi uja wa pasiteji uli tolo, anthu mapewa akugundana? Chipolopolo chotuluka mmenemo chimapeza munthu, ndipo kawirikawiri si amene chinalinga. Apolisi akafika n'kupeza munthu wa malaya oyera mfuti ili m'manja, adziwa bwanji kuti uyu ndi wotiteteza? Ine Loweruka ndinaona china choposa pamenepo: mfutiyo sinalire n'komwe, sinatuluke n'komwe m'buluku, koma inagwetsa anthu. Ife Amalawi kupondana timakudziwa. Pa 6 Julaye 2017 pa Bingu National Stadium ku Lilongwe anthu 8 anafa pageti, ambiri mwa iwo ana, popanda chipolopolo ngakhale chimodzi. Kuno komwe ku Ellis Park pa 11 Epulo 2001, pa masewera a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, anthu 43 anafa mopanikizana. Ndiye mukamanga chitseko cha ngozi ndi tcheni poopa kuti anyamata awiri atatu alowa ulere, mukuika pa sikelo R350 yawo ndi miyoyo ya holo yonse.

Ngakhale oimba anu omwe simukuwaganizira. Ku Orlando, m'dziko la America, pa 10 Juni 2016, woimba wa zaka 22 Christina Grimmie anawomberedwa atamaliza kuimba, akusainira omutsatira. Womuwomberayo analowa ndi mfuti ziwiri zobisa pamalo pomwe zikwama ankasecha koma matupi ayi. Woimba amene munamuitanitsa kuchokera kumudzi uja, atamaliza anatsika n'kukajambulitsa ndi anthu ku VIP komweko, mikono ili m'mapewa mwa anthu omwe palibe anawasecha. Kaya iye munamuuza?

Chimene chikundiwawa kwambiri si mfutiyo, ndi kusankha kwanu. Mukanakhala kuti simusecha aliyense, ndikanadziwa kuti awa ndi malo otayirira, ndikanakhala kunyumba ndi mwanayu kuonera pa Facebook. Koma munandionetsa chitetezo pageti, munandichititsa manyazi ndi chikwama chokhuthulidwa patebulo, munanditengera chipeso chomwe ndimadyera, kuti ndikhulupirire kuti m'katimo mulibe choopsa. Ndinalowa mtima uli m'malo chifukwa cha bodza limenelo. Ndipo tikaona amene amaima pamzere wosechedwa, ndi ife oluka tsitsi, ogwira m'nyumba za anthu, osamalira maluwa, omanga. Ngati kuti choopsa chimakhala m'chikwama cha mayi wa kusaluni, koma m'chiuno cha munthu wotsika m'galimoto yaikulu mumakhala mtendere wokhawokha.

Mwana uja bondo linatupa ngati dzungu. Lamlungu ndinapita naye kwa dokotala, ndinalipira R600 ndi mankhwala omwe, lisiti ndili nalo. Sanathyoke, tithokoze Mulungu, koma wajomba masiku anayi kuntchito yomwe wangoyamba kumene, ndipo mukudziwa nokha mmene mabwana a kuno amachitira ndi munthu watsopano wojomba. Nsapato yake ya kumanzere inatsala m'holo mwanu. Mayi ake sindinawauzebe zonse, ndangoti anapunthwa.

Ndikufuna mundiyankhe pompano pomwe anthu akuona. Ndani analamula kuti geti ya VIP isamasechedwe? Kampani ya alonda yomwe munalemba ganyu ndi yolembetsedwa ku PSIRA, bungwe loyang'anira makampani a alonda kuno, kapena munangotola anyamata n'kuwaveka mabibu achikasu? Ndani anali ndi kiyi wa loko wa pachitseko cha ngozi, ndipo anali kuti pa nthawi ija? Bwana amene mlonda uja amanena ndi ndani pakati panu? Makamera ndinawaona awiri pamwamba pa bala, ndiye musanene kuti palibe umboni. Musafute zojambulidwazo, chifukwa Lachisanu ndikupita kupolisi kukapereka sitetimenti, ndipo amayi awiri omwe tinapanikizidwa nawo pachitseko avomera kupita nane.

R600 ya dokotala ndi R700 ya matikiti mundibwezere, nambala yanga muli nayo, ndi yomwe ija mwaiwerenga kawiri. Ndaona mwayamba kale kulengeza shoo ina ya kumapeto kwa mwezi, ndipo pa positala yatsopanoyo mawu ofiira aja alipo, pakona yomweyo. Musanagulitse tikiti ina, lembani pano kuti mageti onse, la VIP, la oimba ndi anzawo, ngakhale la inu eni, asechedwa mofanana ndi chipangizo chamoyo, ndipo tcheni ija yachotsedwa. Positi ino ndaijambula, mukaifuta ndiikanso m'magulu onse a Amalawi a ku Gauteng omwe ndilimo.

Chipeso changa ndi chakuda, mchira wake wopindika pang'ono kunsonga. Ngati ndowa ija simunataye, muchiike pamodzi ndi nsapato ya mwana, ndidzatenge Loweruka ndikaweruka.