Lipoti la msonkhano wa ku Zomba wokhudza ana athu oyamba koleji

A Tcheyamani, a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu, ndakupatsani moni. Munandituma ku msonkhano wa makolo, aphunzitsi ndi ophunzira umene unachitikira m'tauni ya Zomba, wokambirana zimene mwana amakumana nazo akachoka ku sekondale n'kukayamba chaka choyamba ku koleji. Ndinapita, ndinakhala mpaka pemphero lotsekera, ndipo lipoti ndi ili. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kwa a Mlembi. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa ndamva kuti ku chigayo kukuyenda mawu oti ndinangopita kukadya mpunga ndi ndalama za ana amasiye. Mpunga unalipo, sindikana, koma werengani kaye mpaka kumapeto.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera malonje ndi zolankhula za alendo olemekezeka, zomwezija timamva pa wailesi. Bambo wina anafotokozako mbiri, kuti Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973 kuchokera ku Chichiri ku Blantyre, ndipo mu 2021 yunivesite inagawidwa: Poly inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, dzina loti University of Malawi n'kutsalira pa Chirunga, malo a Chancellor College ku Zomba komweko. Ndalemba zimenezi poti ena a ife tikamva kuti mwana wasankhidwira ku MUBAS timafunsa kuti ili dziko liti.

Msonkhano weniweni kwa ine unayamba masana, atapereka mpata kwa ana eni ake. Anaimirira mtsikana wa chaka chachitatu, wochokera pa CDSS yonga yathuyi. Anati ku sekondale ankakhala nambala wani chaka ndi chaka, ndipo njira yake inali imodzi: aphunzitsi alemba manotsi pa bolodi, iye akopera, aloweza, pa mayeso awabweza monga anawalandirira. MSCE anakhoza ndi njira imeneyo, makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi monga zimafunikira. Atafika ku yunivesite n'kupatsidwa asainimenti yoyamba, analowa m'laibulale, anapeza buku labwino, n'kukopera ndime zonse mwaukhondo. Pepala linabwerako lopanda malikisi, lili ndi mawu ofiira oti waba ntchito ya mwini. Mwanayu anati analira, osati chifukwa cha ziro, koma chifukwa sankamvetsa kuti walakwa chiyani. Chimene ankamuyamikira nacho zaka zonse za ku sekondale ndi chomwecho chimene anamulangira. Kumeneko amafuna uwerenge mabuku angapo, uwayerekeze, unene maganizo ako, ndipo pamene wabwereka mawu a wina utchule mwini wake ndi chaka chimene analemba. Palibe anamuuzapo zimenezi.

Komanso asainimenti amafuna yotaipa. Iye kompyuta anali asanaikhudzepo. Ankalemba pamanja usiku, m'mawa n'kukalipira anyamata otaipa ndi ndalama imene ikanakhala ya ndiwo. Chingerezi ankachidziwa cha m'buku, poti ana athu amaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, koma kuti akweze dzanja m'holo yodzadza anthu mazana, pakati pa ana ochokera ku sukulu zapamwamba amene chimatuluka chokha m'kamwa, zinamukanika semesita yonse. Sanafunse funso ngakhale limodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwana wa kumudzi tinamulera ife tomwe kuti wamkulu akamalankhula asatsegule pakamwa.

Mnyamata wina anakamba za nthawi. Ku koleji kulibe belu, kulibe pulepu, kulibe matironi kapena mphunzitsi woyenda ndi ndodo m'mahostelo. Ukhoza kukhala ndi kalasi m'mawa, ina n'kudzabwera madzulo, ndipo iye maola apakatiwo ankawayesa tchuthi. Ukajomba palibe amatumiza kalata kwa makolo. Chimene sankadziwa n'chakuti timayeso ta pakati pa semesita ndi maasainimenti zili ndi malikisi ake amene amawaphatikiza ndi a mayeso omaliza, ndiye amene akudikira kuti adzawerenga usiku wonse sabata yomaliza, monga ankachitira ku Fomu 4, amalowa m'mayeso ataluza kale. Ukaperewera pang'ono amakupatsa sapu, ndiko kuti mayeso obwereza. Ukalephera maphunziro ambiri umabwereza chaka, kapena kuwidedwa kumene, ndiko kuti kuchotsedwa sukulu. Makolo anzanga, mwana amene tinamuperekeza ndi nthungululu amabwerera usiku, n'kumauza anthu kuti sukulu atsekera, miyezi n'kumapita. Kwathu kuno zoterezi taziona, ndipo tinathamangira kunena kuti anamulodza kapena anayamba chamba.

Panali gawo la kagwiritsidwe ntchito ka laibulale ndi lina la ndondomeko za maphunziro apamwamba. Mapepala ake ndabweretsa, ofuna awerenge.

Tsiku lotsatira anatitengera ku Chikanda. Ambiri a ife timaganizabe kuti mwana akasankhidwa ndiye kuti boma lamutenga, limugoneka, limudyetsa ku kafeteriya n'kumupatsanso kangachepe, monga zinkakhalira nthawi ya achimwene athu. Zimenezo zinatha kalekale. Malo ogona pa sukulu ndi ochepa poyerekeza ndi ana, ndiye ambiri amachita lendi ku Chikanda ndi madera ena ozungulira, ndipo chakudya aliyense amadzionera. Ndinalowa m'chipinda china cha atsikana. Matiresi ali pansi, oyalidwa mothinana moti podutsa palibe. Zovala zili pa chingwe chodutsa pakati pa chipinda. Pakona pali mbaula, kathumba ka makala, ndowa ya madzi ndi poto mmodzi wa onse. Soketi ndi imodzi, mafoni akudikirana pamzere. Tebulo lowerengera kulibe, aliyense amayika buku pa maondo. Lendi amalipira pamutu, ndipo mwini nyumba samva zoti loni, ngongole ya sukulu ija, sinatuluke. Ndinafunsa za ndiwo, anaseka, n'kundionetsa paketi ya soya ndi kambale ka bonya. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inu nomwe mukudziwa mmene ufa, mafuta ophikira ndi makala zakwerera. Ana amenewa amagula pa msika womwewo umene timagula ife, kusiyana kwake n'kwakuti alibe munda.

Za ngongole anatifotokozera bwino. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015, limabwereketsa ndalama za fizi ndi za chisamaliro kwa ophunzira osowa. Mwana amafunsira yekha pa intaneti, pa nthawi imene bungwelo latsegula, ndipo amafunika chiphaso cha unzika. Si aliyense wofunsira amene amapatsidwa. Ndi ngongole ndithu, adzabweza akamaliza. Chofunika kuti timve n'chakuti ngakhale amene wapatsidwa, amafika pa sukulu ndalamazo zisanalowe, pomwe lendi, matiresi, ufa ndi zolembetsera zikufunika tsiku lomwelo. Ana onse amene analankhula anagwirizana kuti masabata oyambirirawo ndi amene amagwetsa anthu. Ndi pamene mnyamata amapita kwa akatapila kapena kuyamba kubetcha pa foni kuti mwina ziwirikiza. Ndi pamene mtsikana amayamba kuyankha moni wa abambo a galimoto amene amayenda pang'onopang'ono madzulo. Ife kuno tikamva timati Zomba yamuwononga, pomwe tinamukweza minibasi ndi ndalama yongofikira.

Apa ndiye ndilankhule za ife. Malamulo a gulu lathu amati timathandiza mwana mpaka Fomu 4. Timamulipirira fizi, yunifolomu, ndalama ya mayeso ku MANEB, zaka zinayi. Akakhoza n'kusankhidwa ndi NCHE, bungwe loyendetsa masankho opita ku mayunivesite a boma, timati ntchito yathu yatha. Ine ndikuti timamusiya pamene pali povuta kwambiri, ndipo zonse zimene tinawononga zaka zinayi zija zikhoza kupita pachabe chifukwa cha lendi ya miyezi iwiri. Izi sindikuzinena koyamba. Chaka chatha mwana wathu wa kutsidya kwa mtsinje uja atasankhidwa, ndinapempha kuti timupatse ndalama yoyambira. Ndinayankhidwa kuti m'thumba mulibe kanthu. Sabata yomweyo m'thumba lopanda kanthulo munatuluka mbuzi, zokuzira mawu za lendi ndi nsalu zofanana za amayi a komiti, kuti tichite phwando lomusangalalira. Mwanayo tinamupatsa ndowa ndi bulangete. Zithunzi zinatuluka zokongola, ndinaziona.

Ndili ku Zomba ndinamufunafuna mwanayo ndipo ndinamupeza. Akulimbikira, sanawidedwe, koma amadya kamodzi pa tsiku ndipo matiresi amagonerana ndi mnzake. Chinandiwawa n'chakuti chichokereni kuno palibe wa komiti amene anamuimbirapo foni. Sanadandaule, anangofunsa kuti kumudzi kuli bwanji, agogo ake mwendo uli bwanji. Ngati pali wofunsabe kuti ulendowu unapindula chiyani, apite akamufunse iyeyo.

Ndipo poti tayamba za thumba, ndifunsenso zimene ndinafunsa mwezi wa feteleza osayankhidwa. Alipo mamembala amene anabwereka ndalama za gulu, akuti abweza akakolola. Anakolola, ena anagulitsa kale nandolo, ndalama sizinabwerere. Sinditchula mayina, amadzidziwa. Thumba ili si banki mkhonde. A Msungichuma, buku lija tinaliona komaliza liti? Sindikunena kuti mwadya ndalama, ayi, ndikungoti buku la gulu limayenera kuonedwa ndi gulu.

Tsopano mfundo zimene msonkhano unamanga. Anagwirizana kuti gulu lililonse lizilumikiza mwana watsopano ndi mnzake wa m'dera lomwelo amene ali kale pa sukulupo, amulandire pa depoti, amupezere malo asanafike, amuonetse kumene kuli ofesi yoona za ophunzira ndi alangizi othandiza amene asokonezeka maganizo, komanso magulu a mapemphero monga SCOM kapena la ophunzira achisilamu. Iyi ndinaikwezera dzanja ndi mtima wonse, chifukwa siifuna ndalama, ingofuna kuti tikhale ndi manambala a foni a ana athu, chimene panopa tilibe. Tisaiwale kuti si onse amapita pa Chirunga. Ena ali ku Domasi College of Education, ena ku MUST ku Thyolo, ena ku Bunda, ena mpaka ku Mzuzu, kumene mwana wa kuno amakafika osadziwa munthu ngakhale mmodzi.

Anagwirizananso kuti miyezi imene mwana amangokhala pakhomo kudikira zotsatira ndi masankho isamapite pachabe. Aphunzireko kutaipa, kutumiza imelo, kufufuza pa intaneti, ndi kulemba nkhani m'mawu akeake. Ife tikhoza kupempha aphunzitsi athu amene ali ndi laputopu kuti azipatsa ana maola angapo Loweruka, gulu n'kumagula mayunitsi. M'malo mwake panopa timawatuma kukagulitsa mandasi ndi kulondera mpunga ku dambo, kenako tidabwe kuti kompyuta ikuwaopsa.

Mfundo imene sindinagwirizane nayo ndi yoti kholo lililonse lionetsetse kuti mwana wapita ndi laputopu yakeyake. Inadutsa, poti ambiri m'holomo anali a m'tauni olandira malipiro pa mwezi. Ndinaimirira n'kunena kuti kwathu kholo loti ligule laputopu liyenera kugulitsa munda. Anaomba m'manja, koma mfundo sanaisinthe. Ine ndikuti ifeyo tisadzimange nayo. Tiyambe ndi lendi, ufa ndi foni yotha kutsegula intaneti, poti manotsi ndi mauthenga a kalasi masiku ano amayenda pa WhatsApp. Laputopu ana amabwerekana.

Pali ina imene inatikhudza makolo ndipo m'holo munangoti zii. Mnyamata wina anati loni yake ikangolowa, foni ya kumudzi imayamba kulira: feteleza, mng'ono wako wabwezedwa fizi, amalume ali m'chipatala. Iye amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba chifukwa kukana kholo n'kovuta, kenako amakhala ndi njala mpaka semesita ithe, ndipo ngongoleyo adzabweza yekha. Msonkhano unapempha makolo kuti ndalama imeneyi tisamaikhudze. Ndikudziwa kuti mavuto kuno ndi enieni, koma pakati pathu alipo amene amachita zimenezi, ena a iwo ndi omwe amafuula kwambiri kuti ana a masiku ano alibe khalidwe.

Za matenda opatsirana pogonana ndi mankhwala ozunguza bongo zinakambidwanso, zomwe mukuzidziwa kale.

Choncho pa msonkhano wathu ukubwerawu ndikupempha kuti tisinthe lamulo lija, thandizo lizifika mpaka kumapeto kwa semesita yoyamba, ndipo ndalama ya maphwando ipite kumeneko. A Mlembi abwere ndi mayina a ana onse amene analemba Fomu 4 chaka chino, tione amene alibe chiphaso cha unzika kuti tiwaperekeze ku boma nthawi ya loni isanakwane. A Msungichuma abwere ndi buku, ndipo obwereka abwere ndi ndalama kapena tsiku lenileni lobwezera. Mwana wa kutsidya uja timutumizire ufa ndi lendi mwezi uno, osadikira kusintha kwa malamulo. A Tcheyamani, nkhaniyi ikhale yoyamba pa ajenda, isaponyedwenso ku "zina ndi zina" pamene anthu ayamba kale kunyamula mipando.

Ine nthumwi yanu.