Chosema chokhalira kapena chogwira denga sichipangidwa ngati chiboliboli

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa zomwe zikuchulukirachulukira m'malo ogona alendo, m'matchalitchi ndi m'maofesi atsopano, zoika mipando, zitseko ndi nsanamira zosemedwa. Ife timagwira ntchito ya matabwa ndi zosema, ndipo zimenezi tikuzilandira ndi manja awiri. Chotidandaulitsa n'chakuti ntchito yambiri ikung'ambika kapena kufumbwa ikadali yatsopano, kenako chala chimaloza wosema. Vuto limayambira patali. Chiboliboli chimangokhala pashelefu, sichinyamula kanthu. Mpando umanyamula munthu, nsanamira imanyamula denga, chitseko chimatsegulidwa ndi kutsekedwa tsiku lonse. Wopereka ntchito akamafuna mpando koma n'kumaitanitsa ngati akugula chiboliboli cha m'mbali mwa msewu, wataya kale ndalama zake.

Kusakaniza luso losema ndi zomangamanga si zachilendo. Nyumba yosungiramo mbiri ya anthu akuda a ku America, yomwe inatsegulidwa ku Washington mu 2016, katswiri wojambula mapulani a nyumba David Adjaye anaitengera maonekedwe ake pa nsanamira ya pakhonde yomwe anasema Olowe wa ku Ise, mmisiri wa Chiyoruba ku Nigeria. Ku Maputo, Gonçalo Mabunda amawotcherera zidutswa za mfuti ndi zida zina za nkhondo yomwe inatha mu 1992 n'kupanga mipando yachifumu. Tebulo lomwe wosema wa ku America Isamu Noguchi anapanga m'zaka za m'ma 1940, la galasi lokhala pa matabwa awiri okhota ofanana, likugulitsidwabe mpaka lero. Kwathu kuno, amisiri ophunzira ku Kungoni, malo omwe Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa ku Mua mu 1976, akhala akusema zinthu zam'tchalitchi zomwe zimagwiritsidwa ntchito, osati zongoonera. Luso lilipo. Chosowa ndi nthawi youmitsa mtengo komanso kuwerengera kulemera komwe chinthucho chidzasenze.

Tiyambe ndi kuumitsa, pakuti apa ndi pomwe ntchito zambiri zimafera. Mtengo wongodulidwa kumene umakhala ndi madzi ochuluka, pomwe thabwa la m'nyumba liyenera kutsika kufika pa chinyezi cha maperesenti 10 mpaka 12. Mwambo wa akalipentala umati thabwa la mtengo wolimba lochindikala mamilimita 25 lipatsidwe chaka chimodzi, la mamilimita 50 zaka ziwiri. Kumadera otentha monga kuchigwa cha Shire limauma msangako, koma kuuma msanga n'komwenso kumang'amba thabwa. Matabwa asanjidwe pamthunzi pansi pa denga, masentimita 30 kuchoka pansi. Pakati pa thabwa ndi linzake muziika timitengo touma ta mamilimita 25, totalikirana masentimita 50, ndipo timitengoti tizilunjikana kuyambira pansi mpaka pamwamba, apo ayi thabwa limapindika. Kumapeto kwa thabwa lililonse pakani penti kapena phula, chifukwa madzi amatulukira kumeneko mwachangu kuposa m'mbali, n'chifukwa chake mng'alu umayambira kunsonga. Pamwamba pa mulu ikani miyala. Wopanda kachipangizo koyezera chinyezi atenge thabwa limodzi, aziliika pa sikelo sabata iliyonse n'kulemba. Kulemera kukasiya kutsika kwa mwezi wathunthu, thabwa lauma.

Chipika chathunthu chili ndi vuto lakelake. Mtengo ukamauma umafota kwambiri mozungulira, pafupifupi kawiri kuposa momwe umafotera kulowera pakati. Choncho chipika chomwe mtima wake udakali momwemo chimang'ambika basi, ngakhale mutachisamala bwanji. Pali njira ziwiri. Mutha kuchiboola pakati kuchokera pansi n'kuchotsa mtimawo, kapena kucheka mzere umodzi ndi sowo kumbuyo komwe sikudzaoneka, kuyambira pamwamba mpaka pansi n'kufika pamtima, kuti mng'alu utsate mzerewo m'malo modutsa pankhope ya chosema. Mbali yoyera ya kunja kwa mlombwa kapena phingo imakongoletsa, koma ndiyo imayamba kufumbwa. Pa chinthu chosenza katundu ichotsedwe.

Taonani mpando wa mfumu uja wa matabwa awiri omwe alendo amaukonda. Thabwa lalitali lotsamira lili ndi bowo, thabwa lokhalira lili ndi mchira womwe umalowa m'bowomo n'kukafika pansi kumbuyo. Palibe msomali, palibe guluu, ndipo kulemera konse kwa munthu kumagwera m'mphepete mwa bowolo. Wosema wofuna kusangalatsa wogula amasema njovu ndi malambe mpaka kufika pabowo penipeni, nthawi zina moboola thabwa. Mpando wotere umathyokera pomwepo. Thabwa likhale la mamilimita 30 mpaka 35. Musiye masentimita 8 osasema pamwamba pa bowo, ndipo mbali zonse ziwiri za bowolo mutsale thabwa losachepera masentimita 6. Mchira ulowe momasuka ndi mpata wa mamilimita awiri okha. Ukathina, nthawi ya dzinja umafufuma n'kung'amba thabwa lotsamira. Ukakhwepa, mpando umagwedera n'kumadya m'mphepete mwa bowo. Mitsempha ya mtengo iziyenda m'litali mwa matabwa onse awiri, ndipo mfundo isapezeke pamchira.

Mpando wa patebulo uli ndi miyeso yomwe thupi la munthu linaika kale, ndipo luso silingaisinthe. Pokhalira pakhale masentimita 43 mpaka 45 kuchoka pansi, tebulo masentimita 72 mpaka 75, kuti ntchafu zipeze mpata. Chotsamira chipendekere kumbuyo pang'ono, ndipo pomwe msana umagunda musasemepo zotumphuka. Zimaoneka bwino pachithunzi, koma wokhalapo amadzuka chakudya chisanathe. Polumikiza mwendo ndi mtanda, lilime lolowa m'bowo likhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa thabwa. Guluu woyera wamba ndi wa m'nyumba. Pakhonde pofika mvula amasungunuka.

Thabwa la pamwamba pa tebulo silisiya kuyenda ngakhale litauma. La masentimita 90 m'lifupi limatha kufufuma ndi kufota ndi mamilimita angapo pakati pa February ndi October. Mukalikhomera zolimba pa miyendo yachitsulo yowotcherera, monga achinyamata ambiri akuchitira masiku ano, chitsulo sichigonja ndipo thabwa ndilo limang'ambika. Mabowo a sikuluu pa chitsulocho akhale ataliatali mopingasa thabwa, muike washa, ndipo musamange mpaka mapeto. Vanishi kapena mafuta apakidwe pansi ndi pamwamba mofanana. Mukapaka mbali imodzi, tebulo limakhota ngati chipande.

Tsopano nsanamira, pomwe kulakwitsa kungathe kuvulaza anthu. Mphamvu ya nsanamira imawerengedwa pamalo powonda kwambiri, osati pomwe yanenepa. Tengani ya masentimita 20 mbali zonse. Wosema akalowa masentimita atatu mbali iliyonse, pakati patsala masentimita 14. Mukachulukitsa 20 ndi 20 mupeza 400, pomwe 14 ndi 14 mupeza 196, kutanthauza kuti mtengo wosenza denga watsala wosakwana theka. Injiniya anawerengera 400, ndipo nthawi zambiri palibe amene amamuuza kuti nsanamira ikasemedwa. Pa nyumba ya anthu ambiri, ife timalangiza kuti denga lisenzedwe ndi paipi yachitsulo kapena konkire, ndipo chosemacho chikhale zibanthu ziwiri zokuta paipiyo, zomangidwa ndi mabawuti kuti zizitheka kuchotsedwa pokonza. Ngati mtengo ndiwo ukusenza, usakwiriridwe mu simenti. Simenti imasunga chinyezi, mtengo umawolera m'katimo osaoneka, ndipo chiswe chimakwera mobisika. Ukhale pa chitsulo chouimika masentimita 10 pamwamba pa simenti, kuti mphepo izidutsa komanso njira ya chiswe izioneka. Denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamamenye nsanamira.

Za mabenchi ndi zoumba za simenti za panja tingonena mwachidule. Muyeso wa simenti imodzi, mchenga iwiri, miyala itatu ndi wokwanira. Chitsulo cham'kati chikutidwe ndi konkire ya masentimita anayi, chifukwa chikayandikira kunja chimachita dzimbiri, n'kufufuma, n'kusenda konkireyo. Muzithirira kwa masiku asanu ndi awiri mutaphimba ndi masaka. Paipi yowotcherera ibooledwe pansi kuti madzi azituluka. Panja vanishi amasupuka ndi dzuwa, bola mafuta a matabwa omapakanso chaka ndi chaka. Nsanza zopakira mafutawo muziziyanika motambasula kapena kuziviika m'madzi, chifukwa zikaunjikana zimatha kuyaka zokha.

Palinso nkhani ya mtengo womwe. Pa mgwirizano wa mayiko wa CITES, woona za malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pachiopsezo chakutha, phingo anaikidwa pa mndandanda wa mitengo yofuna chilolezo mu 2017, mkungudza wa ku Mulanje mu 2019, ndipo mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zinatsatira pa msonkhano wa ku Panama mu 2022. Wotumiza katundu kunja ayambe wafunsa ku dipatimenti ya zankhalango kuti katundu wakeyo akufunika mapepala otani. Kupaka polishi wa nsapato pa mtengo wamba n'kumati ndi phingo kukuipitsa mbiri ya osema onse. Malaina amasemeka bwino, safota kwambiri, ndipo amakwana pa zitseko ndi mipando ya m'nyumba. Agulitsidwe ndi dzina lake. Dziwaninso kuti nyumba za ku Britain zimatenthetsedwa nthawi yozizira, mpweya wake n'kuuma kwambiri, choncho mpando womwe wachoka kuno usanaume bwino umakang'ambikira komweko.

Pempho lathu likupita kwa ojambula mapulani a nyumba ndi eni ntchito. Wosema aziitanidwa pulani ikamajambulidwa, osati nyumba itatha penti. Pulaniyo izionetsa kuzama komwe akuloledwa kusema, malo a mabawuti, ndi kulemera kwa chitseko, pakuti chitseko chosema cha mamilimita 50 chimafuna mahinjesi anayi ndi felemu yomangiriridwa bwino m'khoma, osati atatu a chitseko wamba. Mgwirizano uzitchula mtundu wa mtengo ndi chinyezi chake pa tsiku lopereka katundu. Ndalama yogulira matabwa iziperekedwa maziko akamakumbidwa, kuti pomwe denga likukhomedwa matabwawo akhale atagona pamthunzi miyezi yokwanira. Ku sukulu za ntchito zamanja zomwe zili pansi pa TEVETA, ophunzira ukalipentala azikumana ndi osema m'chipinda chimodzi: wosema aphunzire kudula lilime ndi bowo, kalipentala aphunzire kugwira kasemasema.

Amisiri a matabwa ndi zosema,
Lilongwe